Mbande Zofiira za a Chisanu

Pa ntchito yanga ya upolisi ndafufuzapo milandu ya njinga, ya mbuzi, ya mafoni, ngakhale ya chitseko cha bafa chimene munthu anazula mwiniwake ali kuntchito. Koma tsiku limene akulu athu anandituma ku nazale ya kumapeto kwa tauni kuti ndikafufuze za njere za mapichesi, ndinayamba ndawayang'ana kaye kumaso kuti ndione ngati akuseka. Sankaseka. Amene anaseka ndi anzanga a mu ofesi, mpaka wina anati ndikamupeza wakubayo ndingomuuza kuti alavule.

Ine matenda anga ndi chidwi. Chinthu chikandidabwitsa, chakudya sichitsika pakhosi mpaka nditadziwa mutu wake. Choncho ndinanyamuka nthawi yomweyo, nthochi ziwiri za nkhomaliro zili m'thumba la yunifolomu.

Eni nazaleyo anthu amangowatchula kuti a Chisanu, chifukwa ukakumana nawo safunsa za ana kunyumba, amafunsa ngati kwanu kunazizira m'mawa. Ndinawapeza atakhala pampando wa pulasitiki pakhomo la shedi, ndodo ili pakati pa miyendo, khungu lili mbuu. Anali atatuluka m'chipatala dzulo lake, atagonako mwezi ndi theka chifukwa cha mtima. Moni wanga anangomuyankha ndi mutu, n'kudzuka movutikira kuti ndiwatsate.

M'shedimo munali mabenchi, pamabenchipo mathireyi ali ndandanda, ndipo m'kabowo kalikonse munali kambande kathanzi ka masamba ofiira ngati chiwindi. Ine ndinati n'zokongola. A Chisanu anandiyang'ana ngati ndaseka pamaliro.

Anandifotokozera mopsa mtima, koma momveka bwino, poti munthu akamakamba za ntchito yake amaiwala kuti akudwala. Anati pichesi ndi mtengo wokonda tulo. Kukazizira umagona, ndipo ukapanda kukhuta chisanu sudzuka bwino: masamba amatuluka apo ndi apo, maluwa amayoyoka, zipatso osaoneka. Tsono kuno chisanu chathu n'chamasewera, chimangodutsa ngati mlendo wofunsa njira. Moyo wawo wonse iwo akhala akutenga mungu wa duwa la mtengo uwu n'kupaka pa duwa la mtengo uwo, kufunafuna pichesi woti azidzuka yekha ngakhale atagona pang'ono. Anali ataupeza mtengo umodzi wotero, wobereka ngakhale chaka chofunda, koma zipatso zake zinali zazing'ono ndi zowawasa. Chaka chathachi anaupaka mungu wa mtengo wa zipatso zotsekemera. Unabereka, anakolola, kenako mizu yake inaola, mtengowo n'kuuma. Njere zimene anachotsa m'zipatsozo ndi zokhazo zimene zinatsala pa ntchito yonseyo.

Njere nazo, anatero, sizimera zisanalawe chisanu, n'chifukwa chake amaziika m'bokosi la mchenga wonyowa n'kuzisunga m'firiji. Koma iwo ali ndi kachitidwe kawo. Amazitulutsa msanga dala, zisanakhute. Zambiri zimafera m'dothi, koma zochepa zimene zamera ndiye amadziwa kuti izi sizifuna chisanu chambiri. Zimenezo amazikwatitsa ku mitengo yaikulu kale, ndipo pakatha zaka ziwiri munthu walawa chipatso.

Tsiku lotulutsa njere linakwana iwo ali pabedi kuchipatala, ndiye anaimbira foni kapitawo wawo kuti atulutse bokosi adzale. Patapita nthawi kapitawo anaimba mokondwa kuti zamera zonse. Odwala anzawo m'wodi anawayamikira, koma iwo mtima unagunda molakwika, chifukwa pa kachitidwe kawoka njere sizimera zonse. Atafika dzulo anapeza shedi yonse ili psuu. Mbande zofiirazi zinali za mtengo wa tsinde, uja amangoudzala kuti akwatitsirepo ina, umene zipatso zake ngakhale mbalame zimakana. Munthu wina anachotsa njere zenizeni m'bokosi n'kuikamo izi, ndipo iwo sankakayika kuti ndi kapitawo, kuti anakagulitsa kwa mwini nazale ya tsidya la msewu.

Ndinafunsa ngati njere zenizenizo zingakhale zidakali moyo.

"Ngati wakubayo ndi mbuli, zinafa kalekale," anatero. "Ngati ndi wodziwa ntchito, zili m'firiji ina, zikukhuta chisanu. Zikakhuta zimera zonse, yabwino ndi yachabe yomwe, osadziwika iyi ndi iti. Ndiye kuti udzale zonse m'munda, udikire zaka zisanu kuti mitengo idziulule yokha."

Anaima kaye kuti apume, dzanja lili pachifuwa.

"Munthu wochokera kumene ndachokera ine, Sajeni, sawerengera zaka zisanu."

* * *

Kapitawo ndinamupeza kuseri kwa shedi akutsuka makeni othirira mbande amene anali oyera kale. Ndi bambo wamtali, wa imvi za apo ndi apo, ndipo atandiona anavula chipewa n'kuyamba kuchipinda m'manja ngati akufinya chovala. Amayankhula pang'onopang'ono, ndipo mawu ake alionse amayamba ndi bwana. Bwana anati nditulutse bokosi. Bwana anati ndidzale mozama chala chimodzi. Bwana anati ndisathirire masana. Ndinamufunsa ngati iye mwini amanenako kanthu pa moyo wake, ndipo anaganiza kaye kenako anati bwana sakonda zimenezo.

Ndinamufunsa chifukwa chake sanauze abwana akewo pafoni kuti mbande zatuluka zofiira. Anati poyamba timitu tokha ndi timene tinkaoneka, ndipo mtundu utayamba kuonekera bwino anachita mantha, poti adokotala anali atanena kuti odwalawo asamve nkhani zodzidzimutsa. Anangoti akazionera okha. Maso ake anali atafiira, ndipo ndinaona kuti bambo ameneyu sanagone bwino kwa masabata angapo.

Ananditengera ku kachipinda ka njere. Kanali kopanda windo, chitseko chachitsulo, loko wamkulu wosaphwanyidwa, wosakandika n'komwe. M'katimo munali tebulo, timabotolo ta mungu, timaburashi tating'ono ngati topentera zikhadabo, ndi firiji yakale yolira ngati ili ndi chifuwa. Ndinaitsegula. Pashelefu yapamwamba, pamene pankakhala bokosi lija, panali popanda kanthu. Pansi panali matumba a pulasitiki a mchenga, ndipo kapitawo anati mmenemo ndi mmene amasungira njere za mtengo wa tsinde, zimene zimalowa m'firiji msanga chaka chilichonse. Nditamuuza kuti anyamule matumbawo limodzi limodzi, anafika pa lina n'kuima. Linali lopepuka kuposa anzake.

Ndinafuna kugwada kuti ndione kuseri kwa matumbawo, koma nthochi zija zinkandikanikiza m'thumba. Ndinazitulutsa n'kuziika pashelefu ya firijiyo. Bambo amene ndinkamuyesa kamba uja anadumpha, anazitola ngati makala amoto, n'kutuluka nazo panja. Anabwerera akupepesa.

"Pepani mayi, bwana anati chipatso chakupsa chisalowe muno. Nthochi, apozi, tomato, papaya, chilichonse. Mpweya wake umawononga njere ndi timitengo tokwatitsa. Wina anaikamo mango kamodzi, ntchito inathera pomwepo."

Ndinaseka, koma ndinazisunga mumtima. Ndinamufunsa za makiyi. Anati alipo awiri okha. Wina anandionetsa, ali pachingwe m'khosi mwake, ndipo anati ngakhale posamba savula. Winayo amakhala pa mulu wa makiyi a bwana, ndipo anapita nawo kuchipatala m'thumba la thalauza tsiku limene anagwa.

Ndinatuluka n'kukakhala pa njerwa kudya nthochi zanga, mutu ukuzungulira. Munthu wofuna kugulitsa amangotenga n'kuthawa, savutika kuswa zigoba, kusankha njere zofanana kukula, n'kuzikwirira bwinobwino mumchenga. Ndiponso ngati unafuna kubisa kuba kwako, ungasankhe bwanji njere zoti zikamera zidzakuwa zokha ndi masamba ofiira? Kapitawo akanakhala wakuba akanangonena kuti sizinamere, ndipo abwana ake akanakhulupirira, poti kufa kwa njere ndi chizolowezi pa nazale imeneyi. Wakubayu sankafuna kubisala mpaka kalekale. Ankangofuna kuti papite masabata angapo munthu asanazindikire. Koma masabata amenewo ankawafunira chiyani?

* * *

Mwini nazale ya tsidya la msewu amamutchula kuti Machubu, chifukwa chilichonse chimene angachiike m'chubu la pulasitiki amagulitsa. Ndisanatsegule pakamwa anali atandionetsa kale mandimu, magwafa ndi duwa lina limene anati limathamangitsa udzudzu ndi apongozi omwe. Ndi wamfupi, wamimba, wa pakamwa posatseka, ndipo nditanena chimene ndabwerera anaseka mpaka anagwira mtengo.

Anati ndifufuze paliponse, ndikapeza firiji ndiitenge ikhale yanga. Ndinafufuzadi. M'kanyumba kake munali wailesi, wilibala yopanda tayala ndi mphaka, magetsi n'komwe munalibe. Pa masiku amene njerezo zikanasinthidwa anati anali pompo akugulitsa, ndipo amayi ogulitsa makala pafupi ndi geti lake anavomereza kuti bambo ameneyu sachoka, amawasokosa kuyambira m'mawa.

"Mayi Sajeni, ine ndi wamalonda, si wa maloto," anatero. "Njere ya pichesi ili ngati mwana, sudziwa kuti atengera ndani. Udzale mazana, wabwino mwina mmodzi, mwina palibe. Ine ndikanafuna kuwabera madala aja ndikanadikira mtengo ubereke, ndione kuti ndi wabwino, ndikathyole kanthambi kamodzi basi. Njere ndi za anthu opirira. Ndioneni ine, ndikuoneka wopirira?"

Sankaoneka wopirira. Ndinamufunsa kuti m'dera lino ndani angathe kuswa chigoba cha pichesi osaphwanya njere ya mkati, n'kudziwanso thumba loyenera kutengamo zosinthira. Anawerenga pa zala zake zonenepazo. A Chisanu eni ake, koma manja awo masiku ano amanjenjemera. Kapitawo, koma ameneyo sangayetsemule bwana asanalole. Chala chachitatu anachigwira n'kukhala chete, chinthu chimene ndikukhulupirira kuti sichichitika kawirikawiri.

Ndinamuuza kuti apitirize. Anati iye sakunena kanthu, akungokumbuka kuti chaka chatha, nthawi ya maluwa, amene ankamuona pamakwerero ndi kaburashi m'manja sanali a Chisanu. Anali mwana wawo wamkazi, amene amaphunzitsa zaulimi ku sekondale. Ndipo mtengo uja utauma, amene analira mpaka kumveka tsidya lino la msewu sanalinso a Chisanu.

* * *

Nditawafunsa a Chisanu za mwana wawo, anandikalipira ngati ndawaponda pachilonda. Anati mwanayo ndiye anawadikirira m'chipatala, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kugona pansi pambali pa bedi. Akachoka kusukulu ankafikira komweko. Ndinaimbira namwino wa m'wodimo ndipo anavomereza zonse, mpaka anawonjezera kuti ana otere ndi osowa masiku ano. Ndinangofunsa kamodzi kuti zovala zimene odwala anabwera atavala zinapita kuti. Namwino anati achibale amatenga kukachapa, ndipo thalauzalo aphunzitsiwo anapita nalo kwawo tsiku lachiwiri.

Kunena zoona, sindinakondwe. Pali milandu ina imene ukayamba kuona kumene ikulowera umalakalaka ukanakhala wopusa pang'ono. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye sindinathamangire kusukulu kukachititsa munthu manyazi pamaso pa ana. Ndinafunsa njira ya kunyumba kwa aphunzitsiwo.

Inali nyumba yaing'ono ya mpanda wa maluwa, ndipo pakhonde panali telala akupalasa makina, tepi yoyezera ili m'khosi, mapini ali pakamwa. Ameneyu ndiye mkamwini wa a Chisanu. Atalavulira mapiniwo m'dzanja ndinazindikira kuti ndi munthu wodandaula mwaulemu, uja amakuuza mavuto ake onse akumwetulira. Anati mayi a kunyumba sanaweruke, koma ndikhale, ndipo apongozi ali bwanji, ndipo dziko lino latentha bwanji. Ndinapempha madzi akumwa.

Anabwera ndi kapu n'kupepesa kuti madziwo ndi ofunda. Ndinafunsa ngati magetsi azima. Anati ayi, magetsi alipo, firiji nayonso ilipo, ikugwira ntchito bwino kwambiri, kungoti masiku ano inakwezedwa pa udindo. Anandilozera pawindo. Patebulo lodulira nsalu, pakati pa sizasi ndi choko, panali phava la nthochi zakuda kale, tomato wofewa m'mbale, ndi papaya wodulidwa amene ntchentche zinkachitirapo msonkhano.

"Ine sindidandaula, mayi," anatero akumwetulira. "Mwamuna wa aphunzitsi safunsa mafunso, amayankha. Koma kuyambira pamene apongozi anagonekedwa, chipatso m'firiji muja n'choletsedwa. Ndinaikamo tomato mmodzi, mmodzi yekha, ndinayankhulidwa ngati ndaotcha nyumba. Kutsegula kuti nditenge madzi, akuti ndikutulutsa chisanu. Magetsi atazima tsiku lina anandituma kukagula ayezi ngati m'nyumba muno muli maliro."

Ndinafunsa kuti muli chiyani m'firijimo. Anati akuti ndi zophunzitsira ana a sukulu. Iye anasuzumiramo kamodzi, anangoona bokosi la mchenga, ndipo anadzifunsa kuti kodi mchenga unayamba liti kuwola.

Ndinapempha kuti ndione. Ananditengera kukhitchini mosangalala, ngati munthu amene wapeza mboni pa mlandu wake. Chitseko cha firijiyo chinali chomatidwa ndi selotepi m'mbali. Ndinali nditangogwira chogwirira pamene geti linalira panja, ndipo telala anasiya kumwetulira.

* * *

Aphunzitsiwo anaima pakhomo la khitchini, mabuku a ana ali m'manja, choko chili pa siketi. Anali ndi chipumi cha bambo awo ndi kayang'anidwe komweko koyeza munthu. Anaona yunifolomu yanga, anaona dzanja langa pa firiji, ndipo sanafunse kuti ndine ndani.

"Musatsegule nthawi yaitali," anatero. "Ngati mukufuna kuona, onani msanga mutseke."

Sanakane chilichonse. Anati makiyi anawapeza m'thalauza pochapa, ndipo tsiku lina masana, kapitawo atapita kukagula manyowa, analowa n'kusintha njerezo. Zofiirazo anazisankha dala kuti bambo awo akadzaona adzadziwe kuti zenizeni sizinafere m'dothi, zili kwinakwake. Sanaganize kuti mlandu ugwera kapitawo. Anati akhala akufuna kuulula kuyambira dzulo koma ankaopa mtima wa odwalawo.

Ndinafunsa chifukwa chake. Anati chaka chino bambo awo anadula nthawi ya chisanu kuposa kale lonse, pafupifupi theka la imene ankapereka zaka zam'mbuyo, chifukwa chofulumira. Anachitaponso zotere zaka zingapo zapitazo ndi njere za mtengo wina, ndipo sipanamere ngakhale imodzi. Koma nthawi imeneyo mtengo unalipo, anangobwereza chaka chotsatira. Pano mtengo kulibe. Aphunzitsiwo anawachonderera kuti agawe njerezo pawiri, zina ayese mwa njira yawoyo, zina azisiye zikhute. Bambo awo anakana, amvekere njere n'zochepa kale, ukazigawa sungapezemo kanthu. Anakangana mpaka osayankhulana, ndipo sabata yomweyo ndi imene madalawo anagwa.

"Maluwa amenewo ndinapaka ndine, limodzi limodzi, khosi mpaka kuuma," anatero. "Sindikanatha kuonerera zonse zikuolera m'thireyi chifukwa choti munthu mmodzi akuthamangira."

Ndinawauza kuti bambo awo ayenera kumva zimenezi lero lomwe, ndipo ndi bwino amve kwa iwo osati kwa wapolisi. Telala anapita kukawatenga pa galimoto ya mnzake. Ife tinatsala awiri m'khitchinimo, tikumvera firiji ikulira.

A Chisanu analowa ndi ndodo yawo, kapitawo ali pambuyo atawagwira chigongono. Telala ayenera kuti anali atalakwitsa kale pakamwa m'njira, chifukwa madalawo sanafunse kanthu. Anakhala pampando, n'kuloza patebulo ndi ndodo. Mwana wawo anamatula selotepi, anatulutsa bokosi n'kuliika pamaso pawo. Anavundukula, anapalasa mchenga ndi chala mofatsa, ndipo ine chidwi changa chija chinandikankha mpaka ndinasuzumira paphewa pawo. Njere iliyonse imene chala chinavundukula inali itang'ambika, kamuzu koyera katatuluka ngati dzino la mwana.

Ntchito yanga inandikakamiza kunena zimene ndinanena. Ndinawauza kuti ngati akufuna mlandu upitirire, bokosilo ndi umboni, ndiyenera kupita nalo kupolisi, ndipo chipinda chathu chosungiramo katundu wa umboni n'cha malata, masana chimatentha ngati uvuni. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. A Chisanu sanandiyang'ane n'komwe. Chala chawo chinkangoyendabe mumchenga.

"Zamera zonse," anatero.

"Zonse, ababa. Zitatu zokha ndi zimene zinaola."

"Ndiye ndidziwa bwanji kuti yanga ndi iti?"

"Simudziwa panopa. Tidzala zonse, mitengo idzanena yokha."

"Zaka zisanu."

"Mwina zinayi, nyengo ikatikomera."

Madalawo anatulutsa chala mumchenga n'kuchipukuta pa bondo. Mawu awo anatsika kwambiri moti telala, amene anali pakhomo, anasendera kuti amve.

"Mwanawe, adokotala aja sanandipatse zaka zinayi."

"Ndikudziwa, ababa. Ndinalipo pamene ankanena."

"Unalipo. Ndipo unabwerabe kuno osazitulutsa."

"Ndinabwera, ndinatsegula firiji, ndinaziyang'ana, ndinatsekanso." Misozi inali ikutsika koma sanaipukute. "Ndinaona kuti mwina inu mulawe, mwina tonse titaye. Ndinasankha kuti mtengo ukhalepo."

Ndaonapo anthu akuuzidwa zowawa, m'maselo ndi m'makhoti, koma apa ndinamva chisoni mpaka ndinayang'ana kumbali. Ndinkayembekeza kuti ndodo ija imenya tebulo. Sinamenye. A Chisanu anangokhala akuyang'ana mwana wawo ngati akumuona koyamba atakula. Kenako anatembenukira kwa kapitawo n'kumupepesa ndi mawu awiri okha, ndipo bambo wamtali uja anasowa pogwira, anangovala chipewa n'kuchivulanso.

Kwa ine anati ndikalembe kuti palibe chimene chabedwa, katundu anali kwa mwiniwake. Ndinafunsa ngati akutsimikiza. Anati wapolisi wanzeru ngati ine asawafunse kawiri, mpweya wawo ndi wowerengeka.

Anayamba kulamula pomwepo, poti njere zomera sizidikira. Kapitawo akazule zofiira zija atsuke mathireyi. Mkamwini asiye masiketi a anthu akathandize kusefa dothi. Bokosi likulungidwe m'thaulo lonyowa, ndipo pagalimoto alinyamule pamiyendo, lisaikidwe kumbuyo. Mwana wawo anafunsa ngati mbandezo zikakula adzazidzale kumunda wakumunsi, kumene kuli malo okwanira mizere yonse.

"Kumunsi n'kutali," anatero a Chisanu, akudzuka ndi ndodo yawo. "Uyambire kuseri kwa nyumba, pansi pa windo la kuchipinda kwanga. Mizere imene ndingaione ndili chigonere, imeneyo ndiye uyambe kudzala."

Aphunzitsi anavomera ndi mutu, ananyamula bokosi ndi manja awiri, ndipo bambo awo anawagwirira chitseko kuti adutse.